Khutu la m'kompyuta: asayansi amatanthauza chiyani akamati apanga modelo ya mkati mwa khutu?

Malume anga anagwira ntchito pa chigayo zaka zambirimbiri. Pano mukakhala nawo awiri pakhonde amamva bwinobwino, koma mukangopita nawo pa ukwati kapena pamaliro pomwe anthu akuyankhula onse nthawi imodzi, basi amangoyang'ana pakamwa panu n'kumagwedeza mutu, ndipo mukakweza mawu kuti muwathandize amakwiya, amati ndikumva, musandikuwire. Zimenezi zinkandisokoneza kwambiri, munthu sakumva koma mukakuwa akuti mwasokosa, nde tizitani? Pofufuza yankho ndi pomwe ndinakumana ndi nkhani zoti asayansi apanga khutu m'kompyuta. Anthu ambiri akamva zimenezi amaganiza za loboti yokhala ndi makutu, ena amaganiza za foni ija imalemba zomwe mukuyankhula. Pali kaubale ndithu, koma nkhani yake ndi ina, ndipo tiyenda nayo pang'onopang'ono.

Modelo ndi chiyani

Mwana akapanga galimoto ya mawaya, aliyense amadziwa kuti si galimoto yeniyeni, ilibe injini, simungakweremo. Koma ngati waipanga bwino, akapotoza chiwongolero matayala akutsogolo amakhota, ndipo zikatero ndiye kuti mwanayo wamvetsadi mmene chiwongolero chimagwirira ntchito. Ikakana kukhota, pali china chomwe sanachimvetse. Modelo ya pa kompyuta ndi choncho, kungoti m'malo mwa mawaya amagwiritsa ntchito masamu. Mumalowetsa mawu, mwina nyimbo kapena munthu akuyankhula, pulogalamu n'kuwerengera kuti mbali iliyonse ya mkati mwa khutu igwedezeka bwanji, ndiponso ndi uthenga wanji womwe upite ku ubongo. Kenako amayerekeza zomwe kompyuta yanena ndi zomwe zinayezedwa m'khutu lenileni.

Nanga bwanji osangoyang'ana m'khutumo? Vuto ndi loti kachiwalo kake kanabisika mkati mwa fupa lolimba kwambiri la chigaza, kukula kwake n'ngati kambewu ka nandolo, ndipo kukatsegula mwa munthu wamoyo ndiye kuti mwakawononga. Zambiri zomwe zikudziwika zinayezedwa pa mitembo ndi pa nyama monga amphaka, mbira, mbewa ndi anyani. Ndiye modelo imakhala ngati ulalo pakati pa zomwe anaona pa nyama ndi zomwe zimachitika mwa ife.

Kankhono ka m'khutu

Mawu ndi mpweya womwe ukunjenjemera. Ukalowa m'khutu umagunda kang'oma ka khutu, kang'omako kamakankha timafupa titatu, ndipo kotsiriza, komwe amati stapes, ndi kafupa kakang'ono kuposa onse m'thupi, pafupifupi mamilimita 3 basi. Kameneka kamagogoda pa kazenera ka cochlea. Dzinali likutanthauza nkhono, ndipo mukakaona kamafanana ndithu ndi chigoba cha nkhono, kopiringizika kawiri ndi theka. Mutakatambasula kangatalike pafupifupi mamilimita 35. Mkati mwake mwadzadza madzi, ndipo pakati pamadutsa kalamba kopyapyala kotchedwa basilar membrane, kuchokera pakhomo mpaka kunsonga. Pamwamba pa kalambako ndi pomwe pakhala timaselo tomwe timamva, tomwe Alfonso Corti wa ku Italy anatifotokoza mu 1851.

Apa tifunika liwu limodzi, Hertz, lomwe likungotanthauza kuti chinthu chikunjenjemera kangati pa sekondi. Ng'oma yaikulu kapena besi ya m'kwaya imanjenjemera pang'onopang'ono, likhweru ndi kulira kwa nyenje zimanjenjemera mothamanga kwambiri. Mwana wa makutu abwino amamva kuyambira ma Hertz 20 mpaka 20,000. Funso lomwe linavutitsa anthu kuyambira kale ndi loti khutu limasiyanitsa bwanji zonsezi zikabwera pamodzi. Mu 1863 Hermann von Helmholtz wa ku Germany anati mwina mkatimo muli ngati nsambo za piyano, iliyonse ili ndi liwu lake, nde liwu likabwera nsambo yake yokha ndi yomwe imayankha. Amene munaimbako bangwe kapena gitala mukudziwa kuti nsambo yokungika kwambiri imalira mokwera, yolendewera imalira motsika. Helmholtz analondola pa mfundo yaikulu, yoti liwu lililonse lili ndi malo ake pa kalamba kaja. Pafupi ndi khomo kalambako n'kochepa m'lifupi komanso kolimba, kamayankha mawu okwera. Kunsonga n'kotakata komanso kofewa, kamayankha besi. Koma nsambo zoimaima pazokha mulibe.

Funde loyenda

Amene anaona ndi maso zomwe zimachitika ndi Georg von Békésy. Iyeyu sanali dokotala, ankagwira ntchito mu labu ya matelefoni ya positi ofesi ku Budapest, Hungary, kuyambira m'ma 1920, ndipo chomwe ankafuna kudziwa n'choti pakati pa waya wa telefoni ndi khutu la munthu, chomwe chimataya mawu kwambiri ndi chiti. Anayamba kutsegula makutu a mitembo, kuwaza tizidutswa ta siliva pa kalamba kaja, kuimba liwu n'kumayang'ana pa maikulosikopu ndi getsi lophethira. Anayezako ngakhale khutu la njovu.

Zomwe anaona zikufanana ndi mkeka kapena bulangete mukaligwira mbali imodzi n'kulikutumula: funde limayambira m'manja mwanu n'kumayenda kupita uko. M'khutu fundelo limayambira pakhomo, limanka likula, likafika pamalo oyenerana ndi liwulo limafika pachimake kenako n'kuzima mwadzidzidzi. Liwu lokwera limathera pafupi, besi imayenda mpaka kunsonga. Békésy anapanganso modelo yogwirika ndi manja, chipaipi chodzadza madzi chokhala ndi mphira pamwamba, munthu ankaikapo mkono n'kumamva kunjenjemera kukusuntha pakhungu liwu likasintha. Analandira mphoto ya Nobel mu 1961.

Apa ndi pomwe masamu analowerera. Cha m'ma 1950, Józef Zwislocki komanso Peterson ndi Bogert a ku Bell Labs ku America analemba cochlea ngati mzere wautali wa tizigawo tolumikizana, kagawo kalikonse kali ndi kulemera kwake ndi kulimba kwake, madzi n'kumapereka mphamvu kuchokera pa kagawo kena kupita pa kanzake. Masamu ake anabwereka kwa mainjiniya a mawaya a telefoni, n'chifukwa chake mpaka pano mtundu umenewu umatchedwa transmission line. Ndipo zinatheka, funde la Békésy linatuluka papepala monga mmene analionera.

Pomwe modelo inakana kukhota

Koma panali chinthu chomwe sichinkagwirizana, ndipo kwa ine apa ndi pomwe pali mtima wa nkhani yonse. Funde la Békésy linali lotakata kwambiri, liwu limodzi linkagwedeza dera lalikulu la kalamba. Chonsecho munthu woimba kwaya amazindikira mnzake akaphonya liwu pang'ono chabe. Komanso Békésy kuti aone kanthu ankafunika phokoso lalikulu zedi, pomwe ife timamva ngakhale tsamba louma likugwa, ndipo pa mawu apansipansi oterowo kalamba kamasuntha kamtunda kosakwana nanomita imodzi, kutanthauza kuti milimita mwaigawa ka 1 miliyoni.

Mu 1948 mnyamata wina ku Cambridge, Thomas Gold, yemwe pa nkhondo yachiwiri ankagwira ntchito ya radar, anawerengera n'kunena kuti sizingatheke. Chinthu chaching'ono chomwe chili m'madzi sichingapitirize kunjenjemera, madzi amachiletsa, yesani kuimba belu mutaliviika mu ndowa mumve. Nde anati payenera kuti m'khutumo muli china chomwe chikuwonjezera mphamvu, ngati amplifaya ya wailesi. Anawonjezeranso kuti ngati zili choncho, nthawi zina khutu liyenera kumatulutsa mawu lokha, monga mmene sipika ya kutchalitchi imalirira maikolofoni ikayandikira kwambiri. Akatswiri a makutu a nthawiyo sanazilabadire, Gold anasiya n'kupita ku sayansi ya nyenyezi komwe anakatchuka.

Panadutsa zaka zoposa 20. Mu 1971 William Rhode ku Wisconsin anayeza kalamba kaja mwa anyani amoyo n'kupeza kuti khutu lamoyo limachita zosiyana ndi lakufa: pa mawu apansipansi limagwedezeka kwambiri kuposa mmene masamu akale ankanenera, pamalo ochepa osongoka bwino, ndipo nyama ikafa zonsezi zimatha, n'kubwerera ku funde lotakata la Békésy. Kenako mu 1978 David Kemp ku London anaika kamaikolofoni kakang'ono m'khutu la munthu, anaimba kaphokoso kakuti thi, ndipo patapita tizigawo tochepa ta sekondi khutu linayankha, mawu anatuluka kuchokera mkati. Zomwe Gold ananena zaka 30 m'mbuyomo zinali zoona.

Amene amachita zimenezi ndani? Pa kalamba paja pali timaselo ta mitundu iwiri, tonse tili ndi timanyenje pamutu ngati tsitsi, n'chifukwa chake amati ma hair cell. Tamkati tilipo pafupifupi 3,500 mumzere umodzi, ndipo ndi timeneti timatumiza uthenga ku ubongo. Takunja tilipo pafupifupi 12,000 m'mizere itatu, ndipo kwa nthawi yaitali anthu ankadabwa kuti timaselo tambiri chonchi ntchito yake n'chiyani poti mitsempha yochepa yokha ndi yomwe imachokera kumeneko. Mu 1985 William Brownell ndi anzake anaona kuti kaselo kakunja mukakapatsa magetsi kamafupika n'kutalika, kamavina ndithu. Mu 2000 gulu la Peter Dallos ku Northwestern University linapeza puloteni yomwe imachititsa zimenezi, dzina lake prestin.

Taganizani za katungwe. Mwana akakwera yekha osakankhidwa, amapita kawiri katatu n'kuima. Koma mnzake akamamukankha pa nthawi yoyenera ndendende, ngakhale ndi kamphamvu kochepa, katungweyo amanka nakwera. Timaselo takunja ndi okankha katungwe. Ndipo ndi okankha anzeru, chifukwa mawu akakhala apansipansi timakankha kwambiri, kukulitsa kugwedezekako ka 100 mpaka ka 1,000, koma mawu akakhala aakulu kale timangoleka. Ndi njira imeneyi yomwe khutu limakwanitsira kumva kuyambira kaphokoso kapansi kwambiri komwe munthu angamve mpaka bingu, zomwe mphamvu zake pa kang'oma ka khutu zimasiyana pafupifupi ka 1 miliyoni.

Apa ndinamvetsa za malume. Timaselo takunja tikafa, mawu apansipansi alibenso wowakankha, nde samveka. Koma mawu aakulu sankafuna kukankhidwa ndi kale, nde amamveka mokweza monga kale. Mpata pakati pa "sindikumva" ndi "mwasokosa" umachepa kwambiri. Komanso kusongoka kuja kumatha, mawu oyandikana amalowererana, n'chifukwa chake kungokweza voliyumu sikubweza kumveka bwino. Ndipo amene munamwako kwinini pa malungo mukukumbukira makutu akulira ndi kumva ngati muli m'madzi, mankhwala amenewa amafooketsa timaselo tomwetu, ngakhale kawirikawiri zimabwerera mukasiya. Majekeseni monga gentamicin ndi kanamycin akachuluka ndi omwe amatha kutipheratu, kuyambira cha kukhomo komwe kuli mawu okwera, ndipo mwa munthu sitimeranso. Mayankho a khutu aja Kemp anapeza ndi omwe pano amagwiritsa ntchito poyeza makanda ongobadwa kumene: khutu likayankha, ndiye kuti timaselo takunja tili moyo.

Kuyambira nthawi imeneyo modelo iliyonse yofuna kufanana ndi khutu lamoyo imayenera kukhala ndi okankha katungwe mkati mwake, ndipo izi n'zovuta pa kompyuta, chifukwa mukawonjezera mphamvu pang'ono mopyola, modelo yonse imayamba kulira yokha ngati sipika ija.

Kuchoka ku kugwedezeka kupita ku uthenga

Ubongo sumva kugwedezeka, umamva timagetsi. Kalamba kakasuntha, tsitsi la kaselo kamkati limapindika ngati bango pamphepo, timabowo timatseguka, potassium, mtundu wa mchere wa m'madzi a cochlea, amalowa, kaselo n'kutulutsa mankhwala omwe amadzutsa mtsempha. Khutu lililonse lili ndi ulusi wa mitsempha pafupifupi 30,000, ndipo uliwonse umangodziwa chinthu chimodzi, kuthwanima kapena kukhala chete.

Mu 1986 Ray Meddis ku England anapanga modelo ya gawo limeneli yomwe inatchuka kwambiri, ndipo ganizo lake n'losavuta. Kaselo kali ngati chitsime cha m'dambo nthawi ya chilimwe, oyamba kufika m'mawa amatunga zodzadza, kenako madzi amachepa n'kumangotuluka pang'onopang'ono mmene akusefukira, ndipo mukachisiya kanthawi chimadzadzanso. N'chifukwa chake liwu likangoyamba mtsempha umathwanima kwambiri kenako n'kutsika, ndipo khutu limagwira msanga chiyambi cha chinthu kuposa phokoso longopitirira. Ma modelo a masiku ano, monga omwe Laurel Carney, Ian Bruce ndi Muhammad Zilany akhala akuwakonza ku America ndi ku Canada, amatha kulosera kuthwanima kwa ulusi umodziumodzi, ndipo poyamba anawayerekeza ndi zomwe zinayezedwa mwa amphaka.

Ma modelo ake si amtundu umodzi

Mukamva kuti modelo ya khutu, dzifunseni kuti yamtundu wanji, chifukwa anthu ake amasiyana zofuna.

Yosavuta kwambiri ndi ya masefa. Tangoganizani mphale mukuisefa pa masefa angapo osanjikizana, wina wa mabowo aakulu wina aang'ono, chilichonse n'kutsalira pa sefa wake. Pulogalamu imatenga mawu n'kuwagawa m'magulu mwina 30 kapena 64, kuyambira besi mpaka okwera, gulu lililonse likuimira kadera ka kalamba kaja. Wotchuka kwambiri amatchedwa gammatone, yemwe Roy Patterson ku Cambridge anamufalitsa m'ma 1980. Ndi wachangu, foni iliyonse ikhoza kumuyendetsa, koma sasamala za madzi kapena funde, amangotsanzira zotsatira zake. Ina ndi ija ya mzere wa tizigawo tolumikizana, yomwe funde limayendamo ndithu mpaka kubwerera m'mbuyo, nde imatha kutulutsa ngakhale mayankho aja a Kemp, koma imadya nthawi. Richard Lyon anatulutsa modelo yoyenda chapakatikati mu 1982, ndipo mu 1988 iye ndi Carver Mead ku Caltech anaiumba pa kachipu ka silikoni, cochlea yamagetsi yogwirika. Pambuyo pake Lyon ali ku Google anakonza ina yotchedwa CARFAC. Palinso ena omwe amajambula cochlea yonse mmene ilili, n'kuidula m'tizidutswa tambirimbiri, kompyuta yaikulu n'kumawerengera kayendedwe ka madzi ndi kaselo kalikonse, zomwe zingatenge maola kuti mupeze kagawo kochepa ka sekondi.

Zatsopano ndi za AI. Mu 2021 gulu la Sarah Verhulst ku Ghent, Belgium, linaphunzitsa neural network, pulogalamu yomwe imaphunzira poona zitsanzo zambiri, yotchedwa CoNNear kutsanzira modelo yochedwa ija, ngati mwana wophunzira ntchito poonerera mmisiri, mpaka inayamba kupereka mayankho ofanana koma mwachangu choti n'kuyenda limodzi ndi mawu akamayankhulidwa. Okonda njira imeneyi amati tsopano khutu la m'kompyuta likhoza kulowa m'zipangizo zenizeni. Ena amati makina otsanzira sakuuzani chifukwa chake, amangodziwa zomwe mphunzitsi wake ankadziwa, ndipo mphunzitsiyo akalakwa nawo amalakwa. Mbali zonse zili ndi mfundo, zimangotengera kuti mukufuna chipangizo kapena mukufuna kumvetsa.

Zikutikhudza pati

Mumazigwiritsa ntchito kale. Nyimbo ya MP3 imachepa chifukwa mainjiniya a ku Fraunhofer ku Erlangen, Germany, kuphatikizapo Karlheinz Brandenburg, anagwiritsa ntchito mfundo yoti liwu lalikulu limaphimba liwu laling'ono loyandikana nalo pa kalamba kaja, nde pulogalamu imataya zomwe khutu silikanamva ndi kale. Mapulogalamu ozindikira mawu nawonso ambiri amayamba ndi kugawa mawu m'masefa otsanzira khutu, opanikizana ku besi, otalikirana kokwera.

Koma komwe kuli kulemera kwenikweni ndi kwa anthu osamva. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linanena mu 2021 kuti anthu oposa 1.5 biliyoni ali ndi vuto lina la kumva, ndipo 430 miliyoni mwa iwo akufunika chithandizo. Cochlear implant ndi kachipangizo komwe madokotala amalowetsa kawaya mu kankhono kaja kuti kadzutse mitsempha mwachindunji timaselo tikafa. Ingeborg Hochmair ku Vienna ndi Graeme Clark ku Melbourne anayamba kuika za mawaya angapo mu 1977 ndi 1978, ndipo mkati mwa kachipangizoko muli modelo ya masefa ija, mawu okwera amapita pa kansonga ka kawayako komwe kali pafupi ndi khomo, besi mkati. Tinsonga timeneti timakhala 12 mpaka 22 basi, m'malo mwa timaselo 3,500. Zodabwitsa n'zoti anthu amamva nazo zoyankhula, ndipo Robert Shannon ku Los Angeles anasonyeza mu 1995 kuti ngakhale magulu 4 okha a phokoso amakwanira kuti munthu azindikire ziganizo pamalo a chete. Chomwe chimatayika kwambiri ndi kukwera ndi kutsika kwa liwu. Ku Chingelezi vutoli limaonekera kwambiri pa nyimbo, koma ife tili ndi mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa pamsika, zomwe timazisiyanitsa ndi kamvekedwe. Kafukufuku wambiri wa zilankhulo zotere wachitika pa Chimandarini cha ku China, ndipo ine ndikulakalaka tsiku lomwe ana athu a ku yunivesite adzalowetse ziganizo za Chichewa m'ma modelo amenewa, poti ena mwa iwo, monga CARFAC, ali pa intaneti mwaulere.

Pa zipangizo zothandiza kumva, ganizo lomwe likuyesedwa ndi lokongola. Mumapanga ma modelo awiri, imodzi ya khutu labwino, ina yowonongedwa dala kuti ifanane ndi khutu la munthu wakutiwakuti, kenako kompyuta imafufuza kuti mawu iwasinthe bwanji kuti uthenga wotuluka mu yowonongekayo ufanane ndi wa yabwino. Zikadzatheka bwino, munthu ngati malume angadzalandire chipangizo chokonzedwa molingana ndi bala lake lenileni osati chongokweza phokoso.

Palinso china. Mu 2009 Sharon Kujawa ndi Charles Liberman ku Boston anaika mbewa pa phokoso lalikulu kwa maola 2. Patapita masiku mbewazo zinkaoneka kuti zayambanso kumva bwino, timaselo tonse tili moyo, koma atayang'ana mkati anapeza kuti m'madera ena pafupifupi theka la malumikizano a pakati pa timaselo tamkati ndi mitsempha linali litaduka. Kuyeza kwa masiku onse, kuja amakuuzani kuti kwezani dzanja mukamva kaliwu, sikungaone zimenezi, chifukwa ulusi wochepa wotsala umakwanira kumva kaliwu pamalo a chete. Ma modelo akadula malumikizano omwewa amasonyeza kuti vuto likhoza kuonekera pamalo a phokoso, ngati pa ukwati paja.

Zomwe sanagwirizanebe

Funso loyamba likukhudza okankha katungwe omwe. Ambiri amati prestin ndi yomwe imakankha, thupi lonse la kaselo likamafupika ndi kutalika. Koma James Hudspeth wa ku Rockefeller University ndi ena anasonyeza pa achule kuti tsitsi lenilenilo nalonso limatha kukankha lokha, ndipo achule ndi abuluzi nawo makutu awo amatulutsa mawu chonsecho alibe timaselo takunja ngati tathu. Ndiye mwa ife ndi prestin yokha kapena zonse ziwiri? Komanso masamu a magetsi a kaselo amasonyeza kuti kayenera kuchedwa pa mawu okwera kwambiri, chonsecho mleme umamva kupyola ma Hertz 100,000. Kaselo kamakwanitsa bwanji kukankha pa nthawi yake pa liwiro lotere? Mayankho aperekedwa angapo, sanagwirizane pa limodzi.

Lachiwiri labwera ndi makina atsopano. Kuyambira cha mu 2015 asayansi akutha kuona kudzera pa fupa ndi kuwala, njira yotchedwa OCT, osatsegula cochlea ya mbewa, ndipo apeza kuti mkati mwa timaselo muli malo omwe amagwedezeka kwambiri kuposa kalamba kaja, ndiponso mosiyana nako. Ma modelo ambiri anamangidwa poganiza kuti kalamba ndiye mwini nkhani. Kodi angofunika kukonzedwa pang'ono, kapena kumangidwanso?

Ndiye pali la munthu ndi nyama. Mu 2002 Christopher Shera, John Guinan ndi Andrew Oxenham anagwiritsa ntchito mayankho a khutu aja kunena kuti masefa a munthu ndi osongoka kuposa a mphaka ndi mbira, pomwe Mario Ruggero ndi Andrei Temchin anatsutsa kuti kusiyana kwake si kwakukulu. Nkhaniyi si yaing'ono, chifukwa modelo yoyezedwa pa mphaka ikasamutsidwira kwa munthu, wina ayenera kusankha manambala. Ngakhale njira yomwe mayankhowo amatulukira m'khutu ilinso pa mkangano, ena akuti ndi funde lobwerera m'mbuyo pa kalamba, ena akuti amadutsa m'madzi mwachindunji. Kunsonga kwa kankhono, komwe kuli besi ndi mbali yaikulu ya mawu a munthu, ndi komwe kwayezedwa pang'ono kwambiri poti n'kovuta kufikako.

Kuduka kwa malumikizano kuja kunaoneka bwino pa mbewa komanso m'makutu a anthu omwalira, koma njira yodalirika yokuyezera mwa munthu wamoyo sinapezeke, ndipo kafukufuku wa achinyamata okonda phokoso wapereka zotsatira zosiyanasiyana, ena apeza chizindikiro, ena ayi. Nde munthu akamadandaula kuti sakumva pagulu, gawo lanji ndi la timaselo takunja, lanji la mitsempha, lanji la ubongo womwe ukukalamba? Ndipo poti ubongo nawo umatumiza malamulo kubwerera ku timaselo takunja kuti tichepetse kukankha, modelo yomwe imathera pa mtsempha ingafotokoze kumva mpaka pati?